Mwatsitsa kutsogolo kwa galimoto yakale, tsopano ikugogoda ndi kudya matayala: poyambira kufufuza

Mphwanga wina wa ku Nchalo ali ndi Nissan 1400, kapikapu kaja ambirife timangokatchula kuti Datsun. Anaigula kwa mkulu wina amene ankanyamulira thonje, naipentetsa bwino, kenako anayamba kudandaula kuti kutsogolo kwake kwatukuka ngati mbuzi yofuna masamba a m'mwamba. Anapita nayo pa galaja ina, anyamata anadula masipuling'i, madzulo ake galimoto inatuluka itazyolika, anthu a kabaza mpaka kuima kuti aione. Chikomekome cha mkuyu. Pasanathe mwezi inayamba kugogoda pa bampu iliyonse. Anasintha ma shock, phokoso linaleka masabata awiri n'kubweranso. Anasintha ma ball joint, timfundo tolumikiza mwendo wa wilo ku mkono wa m'munsi, chimodzimodzi. Pofika mwezi wachinayi matayala akutsogolo anali atadyeka mkati mpaka mawaya kuonekera, kunja kwake ali atsopano.

Atabwera kwa ine anati, “Amalume, zida za masiku ano n'zabodza.” Zina n'zabodzadi, koma pa galimoto yake vuto silinali limenelo. Tayala likagunda bampu limafuna mpata woti likwere lisanafike pothera. Mukatsitsa galimoto ndi masentimita 6, mpata umenewo mwaudyanso ndi masentimita pafupifupi 6, ndipo galimoto zing'onozing'ono zakalezi sizinabadwe ndi mpata wambiri. Shock yatsopano mukaiika pamalo opanda mpata imangomenyedwa mpaka kufa ngati inzake ija. Ndiye musanagulenso kanthu ku Limbe kapena ku Ndirande, yambani mwaona mpata umene watsala.

Dziwani kaye miyendo ya galimoto yanu

Galimoto zakale zimene timaziona kuno sizofanana kunsi. Datsun 1200 ndi Nissan 1400, imene inkapangidwa ku Rosslyn ku South Africa mpaka 2008, zili ndi miyendo ya mtundu wa MacPherson: shock yaitali, sipuling'i yozungulira itavala pamwamba pake, mkono umodzi m'munsi. Peugeot 404 ndi 504 zilinso choncho kutsogolo. Datsun 720 ilibe sipuling'i yozungulira, ili ndi torsion bar, ndodo yachitsulo yogona motsatira chesesi imene imapotoka tayala likakwera. Volkswagen Beetle ndi ina payokha, ndiikamba kumunsiku. Zambiri zimene ndalemba apa ndi za Datsun ndi Peugeot, poti ndi zimene anthu amathamangira kudula.

Kuyeza

Imikani galimoto pa simenti yosalala, osati pa mchenga wa pabwalo. Matayala akhale ndi mpweya wofanana, kumbuyo kulibe katundu. Igwedezeni kutsogolo kangapo kuti ikhazikike. Tengani tepi, yezani kuchokera pakati pa wilo kufika pa mlomo wa madigadi, mbali zonse ziwiri, ndipo mulembe. Musayezere pansi, chifukwa mpweya wa tayala umasokoneza. Mbali ziwirizo zikasiyana kupitirira sentimita imodzi, ndiye kuti masipuling'i sanadulidwe mofanana, kapena imodzi yafooka, kapena sinakhale bwino pa mpando wake.

Kenako kwezani kamphira kotchinga fumbi pa ndodo yonyezimira ya shock, mumangepo cable tie kapena kamphira ka chubu ya njinga, mukatsitsire pansi penipeni galimoto itaima pa matayala ake. Yendani mtunda pang'ono pa msewu umene mumayenda tsiku ndi tsiku, mudutse hampu imodzi kapena awiri pa liwiro lanu la masiku onse. Pobwera onani pamene kafika. Ngati kakankhidwa mpaka kukapanikizika m'mwamba, galimoto yanu ikufika pothera, ndipo kugogoda kuja mwakupeza popanda kugula chilichonse.

Kugogoda kuli mitundu iwiri

Tcherani khutu kuti phokoso likubwera nthawi iti. Likamveka tayala likugunda bampu, mphuno ikutsika, phokoso lolemera lomveka mpaka m'chiuno, ndiko kufika pothera kuja. Likamveka tayala likugwera m'dzenje kapena mukutsika hampu, phokoso lachitsulo ngati wina waponya sipanala, kawirikawiri ndi sipuling'i yafupika kwambiri moti mwendo ukatambasuka imasiya mpando wake n'kumasewera.

Loyambalo. Pa ndodo ya shock pamakhala kamphira kolimba kotchedwa bump stop, kamene kamalandira nkhonya chitsulo chisanakumane ndi chitsulo. Pa galimoto ya zaka makumi anayi nthawi zambiri kanafumbutuka kale, ndipo anyamata ena akatsitsa galimoto amakachotsa dala kuti apeze mpata. Kumeneko ndi kupha shock, chifukwa pisitoni imakamenya valavu ya pansi, oyilo amayamba kutuluka, ndipo mudzaona fumbi litamatirira pa thupi la shock ngati matope. Nkhonya zotsalazo zimapita pa bodi pamene mwendo wamangidwa m'mwamba. Tsegulani boneti muone ngati penti yang'aluka kapena chitsulo chatukumuka mozungulira manati omangira mwendowo. Kamphirako kabwezereni. Ngati mwatsitsa pang'ono mukhoza kukadulako gawo limodzi mwa magawo atatu, koma kakhalepo. Ine ndimafuna kuona mpata wa masentimita osachepera 5 pakati pa kamphirako ndi mutu wa shock galimoto itangoima. Pa msewu wa mumzinda ena amakhutira ndi wocheperapo. Pa msewu wa East Bank, wochokera pa Thabwa kulowera ku Fatima ndi Makhanga, ngakhale 5 ameneyo mudzamumaliza. Mpata ukapanda kukwana, njira ndi ziwiri zokha: kukwezanso galimoto, kapena kupeza ma shock aafupi opangidwira galimoto yotsitsidwa. Amenewo muyenera kuitanitsa kwa abale a ku Joni.

Lachiwirilo n'losavuta kulitsimikizira. Kwezani galimoto ndi jeke mpaka tayala lilendewere, muikepo zochirikizira zachitsulo (njerwa ayi, zimaphwanyika mwadzidzidzi), mugwire sipuling'i ndi manja. Ikatembenuka kapena kukwera ndi kutsika, yafupika mopitirira. Musaimange ndi waya monga ndaonera ena akuchitira. Tsiku lina idzakhala mopingasa, idzakhula tayala kapena paipi ya mabuleki. Sipuling'i yotere n'njotaya basi, ndipo pokayezetsa COF chinthu chogwedera chotere sichibisika.

Pali mtundu wina wa vuto umene umazunguza anthu: galimoto imene ikutsikiratsikira yokha mwezi ndi mwezi, mbali imodzi kuposa inzake. Funsani bwino mmene anatsitsira. Ngati anaotcha sipuling'i ndi gasi mpaka kufiira kuti ikhale pansi, chitsulocho chinataya mphamvu imene chinapatsidwa ku fakitale, ndipo palibe mankhwala. Chidzapitirira kufooka, kapena chidzathyoka pomwe anaotchapo. Mudzazindikira poona mizere iwiri kapena itatu yogundana pamalo amodzi, penti itapserera.

Ngati mwatsimikiza kudula, osati kugula masipuling'i opangidwa kale aafupi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chotsani mwendo wonse, mupanikize sipuling'i ndi zopanikizira zake zenizeni musanamasule nati ya pamwamba. Sipuling'i yopanikizika ikapulumuka imathyola nsagwada. Dulani ndi girayinda, mukuziziritsa ndi madzi, mbali imene waya amangothera osaphwanthidwa, ija imakhala pa mpando wokhala ndi kakhwawa. Kota ya mzere umodzi pa nthawi, mbali zonse mofanana, kubwezera, kuyenda, kuyeza. N'zotopetsa, makamaka mu Okutobala pamene sipanala yosiyidwa padzuwa simungaigwire ndi dzanja, koma chimene mwadula simungachimatenso. Dziwaninso kuti sipuling'i ikachepa mizere imauma, ndiye galimoto idzayamba kukugwedezani kuposa kale. Ine mzere wathunthu umodzi sindiupitirira.

Za Datsun 720 n'zachidule. Kumapeto kwa torsion bar iliyonse kuli bawuti yosinthira msinkhu. Imasuleni galimoto ili pa jeke, muitsitse pansi muyeze msinkhu mbali zonse m'malo mongowerenga kuti mwazunguza kangati, chifukwa ndodo ziwirizo zinatopa mosiyana. Apa kuuma kwa ndodo sikusintha, koma mpata umachepa chimodzimodzi. Ubwino wake, mukaona kuti mwapitirira mumangomanganso.

Matayala akudyeka mkati

Ambiri akaona tayala litadyeka mkati amati ndi chifukwa chakuti mawilo apendekera mkati pamwamba. Kupendekako kumakhalapo ndithu galimoto ikatsika, koma chimene chimamaliza tayala m'miyezi itatu ndi china: mawilo sakulozanso kutsogolo mofanana. Msinkhu ukasintha, ma tie rod, ndodo zolumikiza chiwongolero ku mawilo, amakhala mopendama mosiyana ndi kale, ndipo amakoka kapena kukankha mawilo. Tayala limayenda likukhula msewu cham'mbali, pa phula lotentha la pakati pa Nchalo ndi Ngabu, ngati mukulipala ndi tupa.

Yendetsani chikhatho pamwamba pa tayala kuchokera mkati kupita kunja, kenako kubwerera. Mukamva mano akuthwa mbali imodzi, osalala mbali inayo, ndi kulozera kolakwika kumeneko. Likadyeka mosalala, mkati mokha, pang'onopang'ono, ndiye kupendeka.

Makina a alayimenti ali ku Blantyre, koma musakwere mtunda wonse uja ndi mawilo olozana kwina. Mukhoza kuwongolako ndi tepi ndi choko. Chiwongolero chikhale pakati, kankhirani galimoto kutsogolo mamita angapo, lembani kachizindikiro pakati pa tayala lililonse chakumbuyo kwake, pa msinkhu umene tepi ingadutse pansi pa galimoto osakodwa. Yezani mtunda wa pakati pa zizindikirozo. Kankhiraninso kutsogolo mpaka zizindikiro zifike chakutsogolo pa msinkhu womwewo, muyezenso. Pa galimoto zokoka ndi mawilo akumbuyo ngati izi, muyeso wa kutsogolo uyenera kucheperako ndi mamilimita ochepa chabe. Sinthani ma tie rod a mbali zonse mofanana kuti chiwongolero chisakhote. Ndipo ntchito imeneyi muibwereze pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa masipuling'i amayamba akhazikika kaye. Mphwanga uja palibe anamuuza zimenezi, anangolipira n'kumapita.

Chiwongolero chikudumpha m'manja

Ili ndi limene limandiopsa. Mukudutsa bampu, simunakhotetse, koma galimoto yapatukira yokha kumanja kapena kumanzere. Gwadani kutsogolo kwa galimoto muyang'ane mkono wa m'munsi. Pa msinkhu wa ku fakitale mkonowo umatsetsereka pang'ono kuchokera pakati kupita ku wilo. Ukafika pogona mowongoka, mwafika malire. Ukayamba kukwera cha ku wilo, mwapitirira, ndipo tayala lililonse likakwera tie rod imalikhotetsa. Komanso galimoto yotere imapendama kwambiri pa kona, zosiyana ndi zimene mwini wake ankayembekeza potsitsa.

Pa chigwa pano, msewu uli tambalale, mwina mungapirire. Mayeso enieni ali pa mtsetse wochokera ku Blantyre. Mzindawo uli pamwamba pa mamita 1,000 kuchokera pa msinkhu wa nyanja yamchere, Chikwawa ili pafupifupi pa 100, ndipo kutsika konseko kumachitika m'makona otsatizana musanafike pa Thabwa ndi pa mlatho wa Kamuzu. Potsetsereka kulemera kumathamangira kutsogolo, mukaponda buleki mphuno imatsikanso, mpata wotsala uja umatheratu. Tayala lakunja kwa kona limakhala litakhala pa bump stop, likagunda kabampu silikweranso, limangodumpha. Pamenepo mukukumana ndi lole ikukwera pang'onopang'ono yatenga theka la mbali yanu.

Mankhwala oyamba ndi kukweza mpaka mkono ubwerere pogona. Pa Datsun 1200 ndi 1400 pali njira inanso: timapanga tachitsulo toika pakati pa tsinde la mwendo ndi kamkono ka chiwongolero, timene timatsitsa ball joint ndi tie rod kuti zibwerere momwe zinalili. Timafuna mabawuti aatali olimba, osati a pa msika ogulitsidwa pamodzi ndi misomali, ndipo muone kuti sitikukhula rimu, poti marimu a galimotozi ndi aang'ono. Kupinda kamkono ka chiwongolero ndi moto kapena kukawotcherera, zimenezo musalole ngakhale wowotcherera wake akhale wodziwika bwanji.

Musanaweruze, onaninso zakale zimene kutsitsa kwangoziulula. Datsun ili ndi bokosi la chiwongolero ndi idler arm, kamkono kochirikiza ndodo za chiwongolero, mbali inayo, ndipo mabushi (timphira ta m'mfundo) a idler akatha mawilo amasewera okha. Palinso ndodo yochokera pa mkono wa m'munsi kupita kutsogolo ku bodi. Timphira take tikaphwanyika, galimoto imakokera mbali imodzi mukaponda buleki.

Mabushi atsopano akung'ambika msanga

Kutentha kwa kuno, kumene ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40 dzinja lisanayambe, kumaumitsa zonse za mphira, zimenezo n'zoona. Koma bushi yong'ambika m'mwezi umodzi inamangidwa molakwika. Bushi ya mkono wa m'munsi sizungulira pa bawuti, imapotoka. Mukaimanga galimoto ili m'mwamba pa jeke, mwendo uli lende, potsitsa pansi imakhala itapotoka kale isanagunde bampu ndi imodzi yomwe. Pa galimoto yotsitsidwa kupotokako kumachuluka. Masulani mabawuti a mkono, tsitsani galimoto iime pa matayala, igwedezeni, kenako mumange. Ngakhale simunasinthe bushi iliyonse, mukangosintha msinkhu chitani zimenezi.

Beetle

Beetle inkapangidwanso ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979, n'chifukwa chake zida zake zimapezekabe kumeneko. Kutsogolo kwake kuli mapaipi awiri opingasa, mkati mwake muli timapanga tachitsulo tosanjikizana timene timapotoka. Kupatula 1302 ndi 1303, zimene zili ndi miyendo ya MacPherson, palibe sipuling'i yoti mudule. Ena amasolola timapanga tingapo. Galimoto imatsikadi, koma imafewa n'kumagunda pansi. Njira yabwino ndi kuwotcherera zosinthira msinkhu pakati pa mapaipi, mapaipiwo atachotsedwa pa galimoto, chifukwa thanki ya petulo ili pamwamba pomwepo. Ina ndi ma drop spindle, zitsulo zapadera zomangapo wilo, amene amatsitsa pafupifupi masentimita 6 osadya mpata wa mwendo. Koma amatulutsako mawilo kunja moti tayala likhoza kukhula madigadi pokhota, ndipo paipi ya m'munsi imayandikira nthaka ndi muyeso womwewo. Pa misewu yathu 6 ndi wambiri.

Beetle yotsitsidwa ikayamba kuyendayenda mumsewu pa liwiro, chiwongolero osabwerera chokha mukatuluka pa kona, ndi chifukwa chakuti mphuno itatsika mapaipi aja aweramira kutsogolo. Amaika timapanga topyapyala kuseri kwa paipi ya m'munsi kuti abwezere kupendama kwake. Za kuyambira 1966 zili ndi ma ball joint, ndipo mukatsitsa kwambiri ndi zosinthira zija amafika pothera n'kumakakamira, mpaka kuzuka. Kwezani galimoto, yendetsani mwendo m'mwamba ndi pansi, mumve ngati pali pokakamira. Chiwongolero chikamanjenjemera mukagunda bampu, onani ka shock kopingasa ka chiwongolero. Ndipo musalole mnyamata wopopa aike mpweya wofanana matayala onse. Injini ili kumbuyo, kutsogolo n'kopepuka, kumafuna mpweya wa pafupifupi 18 psi basi. Akaika 30 mudzaganiza kuti miyendo yawonongeka. Girisi m'mapaipimo musamumane, fumbi la kuno silichedwa kulowa.

Zokhula pansi

Izi aliyense amaziona yekha. Mahampu a pa misika ya mu M1, ndiponso kamtumbira kotsala pakati pa msewu pamene mathirakitala ndi ngolo zakumba mbali zonse nthawi ya mvula, zimapeza sampu (chosungira oyilo wa injini) ndi chitsulo chopingasa cha pansi pa injini. Pakani choko kapena penti pansi pa zimenezi, mawa lake muone pamene pafufutika. Chitsulo chotchinga sampu n'chotsika mtengo kuposa injini. Amene munaona mmene namondwe Ana anadulira M1 ku Chikwawa mu Januwale 2022, ndi mmene Freddy anachitira mu Malichi 2023, mukudziwa kuti pakatero timayenda m'njira zapambali kwa masabata. Galimoto ikadutsa m'madzi ofika pakati pa mawilo, tsegulani mabering'i muone girisi, ndipo chotsani matope okhala pa mpando wa sipuling'i, chifukwa pamenepo ndi pamene dzimbiri limayambira, makamaka pa nsonga imene munadula osapenta. Magetsi nawonso amayang'ana pansi mphuno ikatsika. Awongoleni, poti usiku msewu wa ku Bangula umadzaza ng'ombe ndi njinga zopanda nyali.

Pa Nissan ya mphwanga tinapeza kuti anadula mizere iwiri mbali imodzi, iwiri ndi theka mbali inayo, bump stop palibe, mkono wa m'munsi ukuloza kumwamba. Masipuling'i amenewo tinataya. Tinapeza ena athunthu ochotsedwa pa galimoto yakufa, tinadula theka la mzere m'maulendo awiri, ndipo titayeza patatha masiku khumi inali itatsika masentimita 3 poyerekeza ndi msinkhu umene masipuling'i athunthuwo anaipatsa. Tinaika timphira tatsopano, tinamanga mabushi galimoto ili pansi, alayimenti tinachita kawiri. Iye anayang'ana n'kunena kuti, “Amalume, koma yakweranso.” Ndinamupatsa cable tie kuti amange pa shock, apite ku Ngabu ndi matumba anayi a mapira kumbuyo. Pobwera kanali katatsala chala chimodzi kuti kafike pa bump stop.